Kukhala Mmene Ulili Pamaso pa Anthu: Mafunso ndi Mayankho

Pali mafunso amene munthu safunsa pagulu. Amawafunsa usiku ena atagona, kapena amawadzeretsa patali: "Ndili ndi mnzanga amene ali ndi vuto lakutilakuti," pamene mnzakeyo ndi iye mwini. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mtundu umenewo. Ndi mafunso a munthu amene watopa ndi moyo wachiphamaso, akufuna kuusiya, koma mtima uli m'mwamba poganiza zimene zingamugwere.

Kodi kukhala mmene ulili n'kutani kwenikweni?

N'kuleka kunama za iwe mwini.

Taganizirani bambo amene ntchito inamuthera miyezi itatu yapitayo. M'mawa uliwonse amasita malaya, kupukuta nsapato, kutsanzika ana, n'kunyamuka monga mwa masiku onse. Tsiku lonse amalithera pa benchi kapena akungoyendayenda, maso ali pa foni kuona nthawi, kuti akafike pakhomo pa ola lomwe ankafika ali pa ntchito. Akalowa m'nyumba amati watopa, ndipo apo pokha sakunama. Mkazi wake akamufunsa kuti za kuntchito zili bwanji, amayankha mwachidule n'kuyamba nkhani ina.

Bambo ameneyu tsiku limene adzakhale pansi n'kunena kuti, "Amayi, ntchito inatha kalekale, ndimangochita manyazi kukuuzani," ndiye tsiku limene adzayambe kukhala mmene alili. Zimene anthu amabisa n'zosiyanasiyana: matenda, ngongole, kusabereka, kusadziwa kuwerenga, chikhulupiriro chimene anasintha kapena kusiya, munthu amene amamukonda, matenda a maganizo, kumene anachokera, sukulu imene anailephera, ngakhalenso maganizo amene sagwirizana ndi a anzake onse. Nkhani n'zosiyana, koma kutopa kwake n'kumodzi.

N'chifukwa chiyani mukuti pamafunika kulimba mtima? Si kungotsegula pakamwa basi?

Chikhala kuti n'kophweka choncho, bwenzi aliyense atachita kale. Munthu amaopa kusalidwa pafupifupi ngati mmene amaopera kuvulala, ndipo mantha amenewa si uchitsiru. Amene gulu lamutaya amasowa womuthandiza pa tsiku la mavuto.

Mphamvu ya gulu inayesedwapo mooneka. Mu 1951 katswiri wa za maganizo a anthu, Solomon Asch, ankasonkhanitsa ophunzira a ku America m'chipinda n'kuwaonetsa mzere umodzi pa khadi, kenako mizere itatu pa khadi lina. Funso linali losavuta: ndi mzere uti mwa itatuyi umene ukufanana kutalika ndi woyamba uja? Munthu akakhala yekha sankalakwitsa kawirikawiri, zolakwika sizinkafika ngakhale 1 pa 100. Koma m'chipindamo onse, kupatula mmodzi, anali atapanganiratu ndi Asch kuti nthawi zina azipereka yankho lolakwika mokweza ndi mosakayika. Zotsatira zake, anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anatsatira gulu kamodzi kapena kuposerapo, n'kunena chimene maso awo sankaona.

Onani kuti apa panalibe chilango, panalibe ntchito yoti ithe kapena banja loti lipasuke. Inali mizere chabe, pakati pa anthu oti mawa sadzaonananso. Ngati munthu amakana maso ake chifukwa cha mizere, kuli bwanji pamene chili pachiswe ndi chikondi cha mayi ake, ulemu wa kumpingo kapena malipiro a mwezi? N'chifukwa chake ndikuti n'kulimba mtima. Kusiyana kwake ndi kulimba mtima kwa msilikali kapena kwa wopulumutsa womira m'madzi n'kwakuti kumeneku kulibe owombera m'manja, ndipo nthawi zambiri amene ukulimbana nawo ndi anthu amene umawakonda.

Ndiye kuti ndiyenera kuuza aliyense zonse za moyo wanga?

Ayi ndithu. Kusunga zako ndi kunama n'zinthu ziwiri zosiyana. Zotsatira za kuchipatala, za m'banja mwanu, zimene mumapemphera muli nokha, zonsezi ndi zanu, ndipo palibe lamulo loti woyandikana naye nyumba kapena mnzanu wa pa Facebook azidziwe. Mukhoza kuyankha kuti, "Zimenezo sindikambirana ndi anthu," ndipo simunaname.

Vuto limayamba pamene mwayamba kumanga nyumba ya mabodza kuti chinthu chimodzi chisaoneke: kupeka mayina, kupeka maulendo, kuseka nawo pamene anzanu akunyoza anthu amene ali ngati inu, mwinanso kunyoza mokweza kuposa onse kuti asakukayikireni. Funso lodzifunsa ndi ili: kodi ndangotseka chitseko cha chipinda changa, kapena ndikuuza anthu kuti chipindacho kulibe?

Palinso anthu amene ali ndi ufulu wodziwa chifukwa nkhaniyo ikukhudza moyo wawo. Amene mukufuna kumanga naye banja ayenera kudziwa za ngongole yaikulu, za mwana amene muli naye kwina, za matenda amene angamukhudze. Pamenepo kukhala chete sikulinso kusunga zanu, n'kumulanda mnzanuyo mwayi wosankha akudziwa.

Ngati palibe amene akudziwa, kubisako kukundiwononga chiyani?

Ambiri amaganiza kuti kulemera kwa chinsinsi kumamveka pa nthawi imene ukuchibisa, pamene wina wafunsa funso loopsa ndipo iwe ukumeza malovu kufunafuna yankho. Kafukufuku amene Michael Slepian wa ku Columbia University ndi anzake anafalitsa mu 2017 anasonyeza zina. Anapeza kuti munthu wamba amasunga zinsinsi pafupifupi 13, ndipo 5 mwa zimenezo sanauzepo munthu aliyense. Koma chachikulu chinali chakuti chimene chimafooketsa munthu si nthawi zochepa zimene akubisa pamaso pa ena, koma nthawi zambirimbiri zimene chinsinsicho chimamubwerera m'maganizo ali yekha: akusamba, ali pa ulendo, akuyesa kugona.

Pali chinanso chimene chimandimvetsa chisoni koposa. Munthu wobisala sakhulupirira chikondi chimene akulandira. Akamuyamikira, mumtima amati, "Akanadziwa sakananena zimenezi." Akamukumbatira, amaona ngati akukumbatira munthu wina amene iye anamupeka. Choncho angakhale pakati pa abale khumi omukonda, n'kumamvabe kuti ali yekhayekha. Dokotala wa ana wa ku England, Donald Winnicott, analemba mu 1960 za mmene mwana amaphunzirira kupanga umunthu wongoonetsa kuti asangalatse omulera, n'kukwirira wake weniweni. Umunthu wongoonetsawo umateteza, ndipo pang'ono chabe aliyense amaufuna kuti akhale bwino ndi anthu. Koma ukakula n'kumeza china chilichonse, munthu amafika zaka 50 osadziwa chimene iye amakonda.

Nanga ngati kuulula kungandiike pangozi?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse, ndipo sindikufuna kuliyankha mopepuka.

Mu Disembala 1998, mayi wina wa ku KwaMashu pafupi ndi Durban ku South Africa, dzina lake Gugu Dlamini, ananena poyera pa tsiku lokumbukira matenda a Edzi kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Mwezi usanathe, anthu a m'dera lake lomwe anamumenya mpaka kumupha, ati wachititsa manyazi dera lawo. Ku Britain, Alan Turing, katswiri wa masamu amene anathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anaweruzidwa mu 1952 atavomera kwa apolisi kuti anali pa ubwenzi ndi mwamuna mnzake. Anamukakamiza kulandira mankhwala osintha thupi lake, ndipo anamwalira mu 1954 ali ndi zaka 41. Chikhululukiro cha boma chinabwera mu 2013, patatha zaka 59 chimwalirireni.

Ndatchula anthu awiriwa kuti pasapezeke wokuuzani kuti choonadi chimateteza mwini wake nthawi zonse. Sichitero. Ngati kulankhula kungachititse kuti mumenyedwe, muthamangitsidwe panyumba mulibe kolowera, mumangidwe kapena mulandidwe ana, kudikira si mantha opanda pake, ndi nzeru. Mwana wa sukulu amene amadalira makolo pa chilichonse sali pamalo amodzi ndi munthu amene ali ndi ntchito ndi nyumba yake. Mayi amene mwamuna wake ndi wankhanza sali pamalo amodzi ndi amene mwamuna wake amamva za anzake.

Ndipo munthu amene ali pabwino alibe chilolezo chokankha mnzake kuti, "Limba mtima, ulula." Amene adzasenze zotsatira ndiye asankhe tsiku, malo ndi munthu womuuza. Pamene mukudikira pali zochita: kusunga kandalama, kudziwa kumene mungathawire zitavuta, kufufuza malamulo a dziko limene mukukhala, kupeza mlangizi kapena gulu la anthu amene anadutsa njira yomweyo. Ndipo ngakhale pakamwa pali potseka, chimodzi chimatheka lero lomwe: kuleka kudzinamiza nokha. Kuvomera mumtima kuti, "Izi ndi zoona za ine," ndi chiyambi chimene palibe angakulandeni.

Kodi munthu mmodzi akaonekera poyera zimasintha chiyani?

Tibwerere ku mizere ya Asch ija, chifukwa pali mbali ina imene anthu amaiwala. Nthawi zina iye ankaika m'gulumo munthu mmodzi woti azinena yankho loona. Mmodzi yekha. Pamenepo kutsatira gulu mwachigulugulu kunkatsika kwambiri, ndipo anthu ambiri ankayambanso kukhulupirira maso awo. Gulu linali likadali lalikulu, likunenabe zabodza, koma munthu uja sanalinso yekha. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Mbiri ya matenda a Edzi mu Africa ikusonyeza zomwezi. Pa nthawi imene mabanja ankanena kuti m'bale wawo wamwalira "atadwala nthawi yaitali," Kenneth Kaunda, ali mtsogoleri wa dziko la Zambia, anauza atolankhani mu 1987 kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi. Mu 1989 woimba wotchuka wa ku Uganda, Philly Lutaaya, analengeza kuti ali ndi matendawa, ndipo miyezi yomaliza ya moyo wake anaithera akuyenda m'masukulu ndi m'matchalitchi, thupi litatha, kuti anthu aone kuti wodwalayo ndi munthu ngati iwo. Anamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Mu 1992 wansembe wa mpingo wa Anglican ku Uganda komweko, Gideon Byamugisha, anakhala mtsogoleri wachipembedzo woyamba mu Africa kunena poyera kuti ali ndi kachilomboka. Mu Januwale 2005 Nelson Mandela anaitana atolankhani tsiku lomwe mwana wake Makgatho anamwalira, n'kutchula dzina la matenda amene anamupha.

Palibe mmodzi wa anthuwa amene anathetsa tsankho. Koma aliyense anachepetsako mtengo umene wobwera pambuyo pake anayenera kulipira. Mayi amene lero amamwa mankhwala ake pamaso pa ana ake, osachotsa chizindikiro pa botolo, osalibisa m'thumba la zovala zakale, akuyenda m'njira imene ena anailambula minga zikuwabaya.

Václav Havel wa ku Czechoslovakia analemba mu 1978 za wogulitsa masamba amene amaika pawindo la sitolo yake chikwangwani cha mawu a chipani cholamula, osati chifukwa amawakhulupirira, koma kuti asavutitsidwe. Mfundo yake inali yakuti ulamuliro wa bodza umaima chifukwa aliyense amaika chikwangwani chake poganiza kuti ena onse amakhulupirira. Tsiku limene mmodzi wachichotsa, oyandikana naye amazindikira kuti si iwo okha amene ankakayika. Havel anakhala m'ndende kuyambira 1979 mpaka 1983, ndipo mu Disembala 1989 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dzikolo. Zimene ananena za maboma zimachitikanso m'mabanja, m'maofesi ndi m'mipingo.

Si kudzikonda kumeneku? Nanga ulemu wa makolo ndi mbiri ya banja?

Funsoli ndimalilemekeza, chifukwa palibe munthu amene anadzilera yekha. Zimene mungaulule zidzakhudza ena, ndipo ena adzalira. N'chifukwa chake kalankhulidwe n'kofunika: kusankha nthawi yabwino, kuuza makolo musanauze dziko, kuwapatsa mpata woti nkhaniyo iwalowe. Inu mwakhala nayo zaka, iwo aimva lero.

Koma tifunsenso mbali inayo. Ndi ulemu wanji umene umaima pa kunamiza amene anakubala? Mwana amene akuwerenga maphunziro amene sawafuna, n'kumabisa kuti analephera mayeso kawiri, sakuteteza makolo ake. Akungochedwetsa tsiku limene adzamve, ndipo tsikulo lidzawawa kwambiri chifukwa padzakhala zopweteka ziwiri, nkhaniyo ndi bodza lake. Makolo ambiri akapsa mtima, pansi pa mkwiyowo pamakhala funso lakuti, "Bwanji sunandiuze?"

Chenjezo lina ndi ili. Mawu akuti "ndi mmene ndilili" asakhale pobisalira khalidwe loipa. Wamwano amene amanyoza anzake n'kumati iye sabisa mawu, kapena woledzera amene amazunza banja n'kumati anabadwa choncho, sakuchita zimene tikukamba pano. Kuonekera poyera kumaphatikizapo kuvomera zolakwa zako ndi kulola kusintha. Chidakwa chimene chanena kuti, "Mowa wandigonjetsa, ndithandizeni," ndicho chalimba mtima, osati chimene chikunyadira botolo.

Anthu adzanena chiyani?

Adzanena, ena kwa sabata, ena kwa mwezi. Koma anthu sationa kwambiri ngati mmene timaganizira. Thomas Gilovich ndi anzake ku Cornell University anaveka ophunzira malaya ochititsa manyazi n'kuwalowetsa m'chipinda cha anthu. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aona, koma amene anaona anali pafupifupi mmodzi pa anayi alionse. Aliyense amakhala wotanganidwa ndi zake, ndipo ena mwa ojeda kwambiri ali ndi zawo zimene akuopa kuti zingadziwike. Miseche imapweteka, sindikukana, koma imafuna nkhani yatsopano tsiku lililonse, ndipo chinthu chimene mwini wake wanena yekha sichikoma kuchinong'ona.

Ndiyambire pati?

Yambani ndi munthu mmodzi, osati gulu, ndipo osati pa intaneti, pakuti zimene zalembedwa kumeneko sizibwezedwa. Sankhani amene munamuonapo akusunga chinsinsi cha wina, amene samasangalala ndi kugwa kwa anzake. Mukhoza kumuyesa kaye pokamba nkhani yofanana ndi yanu ya munthu wina, n'kumvetsera mmene akuyankhira.

Konzekerani mawu oyamba okha, chifukwa ndi amene amakakamira pakhosi. Ena zimawathandiza kulemba kaye papepala. Nenani chimene mukufuna kwa iye: "Sindikufuna malangizo lero, ndikungofuna kuti udziwe," kapena, "Ndikupempha kuti zikhale pakati pa ife awiri mpaka nditakonzeka." Manja adzanjenjemera, mawu adzatuluka mosalongosoka. Zilibe kanthu.

Ndipo si zonse zimene zimafuna kulengeza. Nthawi zina kuyamba n'kungoleka kuseka nthabwala yonyoza, kuyankha kuti "sindingakwanitse" m'malo mokongola ndalama kuti muoneke, kapena kunena pa msonkhano kuti, "Ine ndikuona mosiyana."

Ndinaulula, koma anandikana. Kodi ndinalakwitsa?

Kukanidwa si umboni woti munalakwa. Katswiri wa nkhonya wa ku America, Muhammad Ali, atasintha chipembedzo ndi dzina mu 1964, atolankhani ambiri anapitiriza kumutchula dzina lakale kwa zaka. Mu Epulo 1967 anakana kulowa usilikali pa nkhondo ya ku Vietnam chifukwa cha chikhulupiriro chake. Anamulanda lamba wa ukatswiri wa nkhonya, ndipo anakhala zaka zoposa zitatu osaloledwa kumenya, zaka zimene thupi lake linali pachimake. Khoti lalikulu la ku America linafafaniza mlandu wake mu 1971, koma zaka zija palibe anamubwezera.

Ndi mmene zimakhalira. Zina zimatayika ndipo sizibwerera, ndipo kuzilira n'koyenera. Komabe yankho loyamba la munthu si lomaliza nthawi zonse. Pali makolo amene anatseka chitseko mwaukali, patapita chaka n'kuimba foni kufunsa ngati mwana wawo ali bwino. Pali enanso amene sanaimbe mpaka kumwalira. Simungadziwiretu, ndipo simungakakamize. Chimene mungachite n'kusiya khomo lotsegula ngati kutero sikukuikani pangozi, n'kumamatira kwa amene anatsala nanu. Ngati chisoni chafika poti simukugona, simukudya, kapena mukuganiza zodzipha, musakhale nacho nokha: pitani kwa dokotala kapena mlangizi mwamsanga.

Nanga wina akandiululira zake, ndichite chiyani?

Pa funso ili ndili ndi mlandu wanga. Zaka zingapo zapitazo mnzanga wina wapamtima anandipempha kuti tikhale pansi. Anakhala nthawi yaitali akutembenuzatembenuza makiyi m'manja, osandiyang'ana. Kenako anati, "Achimwene, ine miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa mankhwala a matenda a maganizo. Pali masiku amene ndimalephera ngakhale kudzuka." Ine, pofuna kumulimbikitsa, ndinayankha msangamsanga kuti, "Aaa, inuyo? Munthu wosekaseka ngati inu? Zimenezo n'zakutha, ingolimbani mtima." Anamwetulira, n'kuika makiyi m'thumba, n'kuyamba kukamba za mpira. Panatha chaka chathunthu asanaitchulenso nkhaniyo, ndipo m'chaka chimenecho anadwala kwambiri ine osadziwa. Munthu anali atalimba kale mtima kuti andiuze, ine n'kumuuza kuti alimbe mtima.

Choncho wina akakuululirani, musathamangire kukonza, kulalikira kapena kufunsa kuti zinayamba bwanji. Khalani phee, mumvetsere mpaka amalize. Mawu oyamba akhale omuthokoza kuti wakukhulupirirani. Ngati nkhaniyo yakudzidzimutsani, nenani zoona: "Ndikufuna nthawi kuti ndiimvetse, koma sindikukutaya." Mufunseni amene akudziwa kale, ndipo musauze wina aliyense popanda chilolezo chake, ngakhale mkazi kapena mwamuna wanu, ngakhale m'dzina lomupempherera. Nkhaniyo ndi yake, ndipo kuiulula m'malo mwake kungamuike pangozi imene inu simukuiona.

Kenako mawa lake muimbireni foni. Usiku wotsatira kuulula ndi umene munthu amagona maso ali gwa, akudzifunsa ngati wataya mnzake. Mukaimba simufunika kukamba za dzulo. Mufunseni ngati wadzuka bwino, ndipo ngati munali ndi pangano lokaonera limodzi mpira Loweruka, muuzeni nthawi imene mudzamudutsire.